Piritsi Pakati pa Magalasi

Lamlungu, pa 9

Adokotala andipatsa kope ili ndi cholembera. Akuti tsiku lililonse ndizilemba nthawi imene ndamwa mankhwala, maola amene ndagona, ndi chilichonse chachilendo chimene ndamva m'thupi. Ndawauza kuti ine ndine wometa, nkhani ndimakamba ndi pakamwa. Akuti pakamwapo patupa, ndilembe.

Mankhwala: kabamazepini, piritsi limodzi 7 koloko m'mawa, awiri 7 koloko madzulo. Tulo: kaya, ndangodzidzimuka ndili pano.

Ndinagwa dzulo masana kushopu, mashini ali m'manja, kasitomala ali pampando. Ndili ndi matenda a khunyu, chaka chino ndi cha khumi ndi chimodzi. Kunyumba ine ndi mayi a ana timangoti "mlendo". Kushopu sankadziwa aliyense, ngakhale alamu anga, achimwene awo a mayiwa, omwe ndi eni shopuyo. Lero msewu wonse ukudziwa.

Andisoka pamwamba pa khutu. Dzino limodzi lakutsogolo lathyoka. Zimenezo ndipirira. Chikundidya mumtima ndi mpando wanga wa pawindo uja. Ndani adzaperekenso khosi lake kwa munthu wakugwa?

Lolemba, pa 10

Mankhwala: ndamwa onse pa nthawi yake. Tulo: maola asanu ndi awiri. Akuti tsiku limene ndinalowa ananditenga magazi kuti aone kuchuluka kwa mankhwala m'thupi.

Ndadziona pagalasi la kubafa. Amene anandimeta pozungulira balali Mulungu amukhululukire, ine sindingathe. Pakuoneka ngati padya makoswe. Ndafunsa a Sisitala kuti wachita zimenezi ndani, akuti ndi iwo. Ndati ayi ndithu, dzanja ali nalo.

Pabedi la kumanja kwanga pali bambo wina amene mwendo wake aukoleka m'mwamba ndi zingwe. Wodi yonse imawatchula a Mwendo. Anagwa pamakwerero akupenta nyumba, ndipo amadziwa mankhwala a matenda onse kupatula a mwendo wawo. Atamva dzina la matenda anga anasuntha kapu yawo yobiriwira pang'onopang'ono mpaka mbali inayo ya kabati. A Sisitala anawauza kuti khunyu sapatsirana, kaya ndi malovu kaya ndi kapu. Iwo akuti akudziwa kale zimenezo, amangopukuta fumbi.

Mayi a ana abwera ndi mpunga ndi mazira owiritsa, ndiponso nkhani yonse ya Loweruka, poti mwini wakene sindikumbuka kanthu. Akuti nditagwa, wina anandigwira miyendo, wina n'kundithira sipiriti kumaso, ndipo alamu anatenga chipeso chachitsulo chija n'kundilowetsa m'kamwa kuti ndisameze lilime. Dzinoli silinathyoke ndi kugwa ayi, linathyoka ndi chipeso. Kasitomala uja, mphunzitsi amene ndakhala ndikumumeta zaka zisanu ndi zitatu, anathawa ndi nsalu yathu m'khosi, mutu utametedwa mbali imodzi. Kushopu ayamba kale kuwatchula a Theka.

"Nanga za mpando alamu akuti bwanji?" ndinafunsa.

"Sakunena kanthu. Akwiya kuti tinawabisira."

Alamu amalankhula ngakhale akumwa madzi. Kukhala chete kwawoku ndikukuopa.

Lachiwiri, pa 11

Mlendo wabwera 10 koloko m'mawa. Akuti mphindi ziwiri. Ndaluma lilime. Thupi lonse ngati andipuntha ndi mitengo. Ndilemba mawa.

Lachitatu, pa 12

Mankhwala: ndamwa onse. Tulo: maola khumi, kuphatikiza masana.

Za dzulo zinayenda chonchi. Amati tsoka silinunkha, koma langa limanunkha. Mlendo asanafike ndimayamba kumva fungo la mphira wopserera, kenaka m'mimba mumakwera kanthu kozizira, ndiye pakapita mphindi imodzi basi, kwada. Dzulo fungolo linabwera a Mwendo ali ndi alendo anayi. Ndinadzuka mwaulemu kuti ndikagwere kubafa, kopanda anthu. Ndinagwera pakhomo penipeni, patsogolo pa alendo anayiwo ndi ngolo ya tiyi.

A Sisitala anandikalipira ngati mwana. Akuti kubafa kuli simenti, mpopi wachitsulo ndi chitseko chokhoma, ndikanakadziphera komweko chifukwa cha manyazi.

Adokotala ndi mayi wamng'ono thupi, wolankhula motsitsa, koma mafunso awo amalowa ngati singano. Anafunsa kuti kushopu fungolo litabwera ndinatani.

"Ndinafulumiza dzanja kuti ndimalize mutuwo."

Anaika cholembera pansi. Kenaka anati anthu ambiri odwala matendawa salandira chenjezo lililonse, ine ndili ndi mphindi yathunthu ndipo ndikuiwonongera mutu wa mphunzitsi. Andilembetsa izi, ndizichita fungo likangoyamba: kuzimitsa mashini ndi kuwaika pansi, kukhala pansi penipeni kutali ndi magalasi, kuuza munthu mmodzi mokweza. Chachitatucho ndiye chovuta.

Masana anandiyeza ubongo. Anandimata timawaya m'mutu monse ndi phala lonunkha, n'kundiuza kuti nditseke maso, nditsegule, ndipume mwamphamvu, uku akundithwanimitsira getsi. Woyezayo anali ndi ndevu zosalongosoka kumanzere. Ndinadzigwira, sindinanene.

A Mwendo akuti iwo amadziwa munthu amene anachira pomwa madzi ochapira makiyi. Ndawafunsa kuti makiyi a chiyani. Akuti adzafunsa.

Lachinayi, pa 13

Mankhwala: ndamwa onse. Tulo: maola asanu ndi atatu.

Lero ndiye ndagwidwa ngati mbava.

Zotsatira za magazi zabwera. Adokotala akuti tsiku limene ndinalowa muno mankhwala anali ochepa kwambiri m'thupi. Ndinati mwina thupi langa limawadya msanga, poti ndimagwira ntchito choimirira. Mayi a ana anandithandiza, akuti bambowa samaphonya, Lachisanu ndi Loweruka shopu imatsekedwa mochedwa ndiye iwo amandikulungira mapiritsi awiri m'kapepala kuti ndikamwere komweko. Kenaka, pofuna kuonetsa kuti ndife banja ladongosolo, anatulutsa kalendala ya kukhitchini m'chikwama. Masiku onse amene mlendo anabwera anawazunguliza ndi pensulo.

Adokotala anayendetsa chala. Mayi a ana anati zaka zisanu ndi chimodzi zam'mbuyomo kunalibe kanthu. Kuyambira chaka chatha, kanayi. Lamlungu m'mawa, Lamlungu m'mawa, Lamlungu m'mawa, Lamlungu m'mawa. Kenaka Loweruka lapitali.

"Bambo," anatero, "matenda anuwa amawerenga kalendala?"

Ndinayang'ana kudenga. Denga silinandithandize.

Ndilembe zoona, poti kopeli ndi la zoona. Shopu yathu ili ndi magalasi makoma onse anayi. Alamu anaika choncho kuti kasitomala azidziona ndi kunkhongo komwe. Mulibe kona imene munthu angakande m'khwapa osaonedwa kasanu. Zaka zonsezi ndinkatembenukira kudirowa yanga ngati ndikufuna lezala, n'kumeza msanga. Tsiku lina chaka chatha, Loweruka, shopu itadzaza, alamu anandiona pagalasi la kumbuyo. Anaimitsa mashini n'kunena kuti, "Taonani alamu akumwa a mphamvu. Mlongo wanga uja wawatopetsa." Shopu yonse inagwa ndi phwete. Ena anayamba kufunsa kumene ndimagula. Ine ndinaseka nawo, nanga ndikanati chiyani? Kuyambira pamenepo timapepala tija ndimangotiponya m'chitini cha mafuta a tsitsi m'dirowa, n'kumati ndimwa potseka. Potseka ndimakhala nditatopa, chitini ndachiiwala. Ndikafika kunyumba n'kufunsidwa, ndimati ndamwa.

Mayi a ana sanalire, sanakalipe. Anapinda kalendala yawo bwinobwino.

"Ndiye timapepala tonse tija ndinkakulungira chitini," anatero. "Ine Lamlungu lililonse ndimakugwirani mutu pansi, ndikudzifunsa kuti ndalakwitsa pati."

Ndachita manyazi kuposa tsiku limene ndinagwa.

Adokotala sanasinthe mankhwala. Akuti mankhwalawo alibe mlandu, anali m'chitini. Andipatsa kabokosi ka zipinda khumi ndi zinayi, tsiku lililonse m'mawa ndi madzulo, ndipo kuyambira lero a Sisitala sazindipatsanso m'manja, ndizimwa ndekha foni yanga ikalira. Atchera foniyo okha, nyimbo yake yoti ingadzutse wodi ya ana. Zina zimene anena: kugona maola okwana, mowa ayi, kusamba osakhoma chitseko, kusakwera pamwamba. Pamenepo a Mwendo anavomereza kuchokera pabedi lawo kuti za makwererozo n'zoona. Za ntchito akuti mashini ndingagwire, koma lumo ndilisiye kaye mpaka papite miyezi ingapo mlendo osabwera, adzandiuza okha.

Ndinati zonsezo zili bwino ngati mpando ulipo. Anati za mpando si za chipatala.

Lachisanu, pa 14

Mankhwala: ndamwa ndekha, m'mawa 7:00, madzulo 7:00. Madzulo ndinafunda bulangete kumutu pomeza. Chizolowezi. Tulo: maola asanu ndi awiri.

Nthawi ya alendo masana ndinali chiimire pawindo, fungo lija n'kubwera. Mphira wopserera weniweni. Miyendo inafuna kubafa, koma ndinakumbuka nkhope ya mayi a ana akupinda kalendala. Ndinaika pansi kapu imene inali m'manja. Ndinakhala pasimenti pakati pa mabedi. Ndinati, "A Mwendo, ndikumva fungo, ndigwa tsopano. Itanani a Sisitala."

A Mwendo ananunkhiza m'mwamba. Maso anatuluka.

"Inenso ndikulimva," anatero. "Mwandipatsira."

A Sisitala anabwera akuthamanga, anandiika pilo, n'kuyang'ana wotchi. Mphindi imodzi inadutsa. Ziwiri. Ine ndili gone, ndikudikira mlendo ngati munthu wodikira basi. Kenaka a Sisitala nawo ananunkhiza, anapita kuseri kwa kabati ya a Mwendo n'kuzula chaja ya foni ikufuka utsi.

Wodi yonse inaseka, ngakhale bambo wa pakona amene sanalankhulepo chilowereni. A Sisitala akuti ndisadandaule, ndakhoza mayeso, bola kukhala pansi pachabe kakhumi kusiyana ndi kugwa chiimire kamodzi.

Ndikudzuka pansipo ndinaona nsapato zimene ndimazidziwa. Alamu anali ataima pakhomo kuyambira kalekale, chitini cha mafuta a tsitsi chili m'manja.

Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuchitsegula. Timapepala tokhatokha mpaka pakamwa, pena palembedwa Lachisanu, pena Loweruka, dzanja la mlongo wawo. Akuti anatsegula dirowa yanga kuti achotse katundu wanga, poti pali wina akufuna mpandowo. Anatenga kapepala kamodzi kupita nako kwa wogulitsa mankhwala, iye n'kuwauza kuti si a mphamvu.

"Alamu, bwanji osanena?" anafunsa.

"Mukanandisunga?"

Anakanda m'mutu. Alamu sanama, vuto lawo ndi limenelo. "Kaya," anatero. Kenaka: "Nthabwala ija ndinkaiona ngati yabwino."

"Inali yabwino. Anthu anaseka mwezi wonse."

A Sisitala atamva kuti awa ndiwo a chipeso, sanawalole kupita. Anandigoneka pabedi kuti ndikhale chophunzirira. Akuti munthu sameza lilime lake, m'kamwa musaikemo kanthu, kaya supuni, kaya chala, kaya zida za ntchito. Osamupanikiza manja ndi miyendo. Chotsani zinthu zoti zingamupweteke, ikani chofewa kumutu, kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali, ndipo yang'anani wotchi, zikapitirira mphindi zisanu thamangirani kuno. Alamu ananditembenuza ngati thumba la simenti. Anafunsa ngati sipiriti amathandizako pang'ono. A Sisitala anawayang'ana mpaka anapepesa okha.

Potuluka alamu anati, "Alamu, ine ndilibe mawu. Koma mpando sindipereka ine, amapereka makasitomala. Sabata yonseyi akungosuzumira n'kudutsa. Atapezeka mmodzi wokhala pansi pa dzanja lanu akudziwa zonse, ndiye tikambirana."

Chitini anasiya. Mayi a ana akuti chikakhala pashelefu kunyumba, ndizichiona.

Loweruka, pa 15

Mankhwala a m'mawa: 7:00, ndamwa. Tulo: maola asanu ndi limodzi, maganizo. Adokotala akuti mawa nditha kupita kunyumba, ndidzabwere pakatha milungu inayi ndi kopeli.

Madzulo cha m'ma hafu sikisi, nthawi ya alendo, ndinaona alamu akulowa ndi chikwama cha mashini, kumbuyo kwawo bambo wovala chipewa chaubweya kutentha konseku. A Theka. M'manja anali ndi nsalu yathu, yochapa ndi yosita.

"Ndabweza katundu wanu," anatero. Anavula chipewa. Mbali imodzi tsitsi lamera pang'ono, mbali inayo nkhalango. A Mwendo anapempha kuti awatembenuzire bedi aone bwino.

Akuti sabata yonse aphunzitsa ndi chipewa, ana akufunsa ngati akudwala. Anapita kwa wometa wina, mnyamatayo atangoona mutuwo anayamba kuitana anzake, iwo n'kutuluka. Mutu wa a Theka uli ndi mizere iwiri kunkhongo ndi kachotupa kuseri kwa khutu, wosaudziwa amautema. Alamu anadzipereka kuti amalize iwo.

"Ndinakana," anatero a Theka. "Ndinaona zimene awa amachita ndi chipeso."

Kenaka anandiyang'ana m'maso. "Koma ndifunse. Zikadzachitikanso?"

Ndinawauza zonse, pamaso pa alamu, mayi a ana ndi wodi yonse. Kuti ndili ndi khunyu. Kuti ndinkadumpha mankhwala chifukwa cha manyazi. Kuti fungo likabwera ndidzazimitsa mashini, ndidzakhala pansi, ndidzanena, ndipo iwo adzakhala ndi mphindi yathunthu. Kuti lumo ndasiya kaye, ndevu azimetedwa ndi alamu.

"Mphindi imodzi ndi yambiri," anatero a Theka. "Tsiku lija ndinafika pamsewu isanathe."

A Sisitala anatilola pakhonde, pali soketi. Tinatulutsa mpando wa alendo. Odwala oyenda anatsatira, bedi la a Mwendo analikankhira kufupi ndi khomo. Alamu anagwira galasi la m'manja. Nditayatsa mashini dzanja linakumbuka lokha ntchito yake. Ndinayamba ndi nkhalango ija, ndikutsika bwinobwino cha kumizere.

Ndili pa kachotupa ka kuseri kwa khutu, foni inalira m'thumba. Nyimbo ya adokotala ija, yodzutsa wodi ya ana. 7 koloko, Loweruka, mutu uli pakati, anthu ali yang'anire, ndipo pagalasi la alamu ndikudziona ndekha. Chala chinapita chokha kuti chikaitseke pakamwa foniyo. M'mutu munabwera mawu akale aja, akuti maliza kaye, umwa potseka.

Ndinazimitsa mashini n'kuwaika pansi.

"A Theka, mundidikire. Ndi nthawi ya mankhwala a khunyu."

"Sabata yathunthu ndadikira," anatero. "Imwani."

Ndinatulutsa kabokosi, chipinda cha Loweruka madzulo, mapiritsi awiri pachikhatho. Madzi panalibe. Alamu anaika galasi pansi n'kuyamba kuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Ndiye tinamva mawu kuchokera pakhomo.

"Tengani yangayi."

A Mwendo anali atatambasula mkono, kapu yobiriwira ija ili m'manja. Alamu anailandira, anathira madzi, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinamwa osatembenuka, osafunda kanthu. Palibe anaseka. Nditabweza kapuyo a Mwendo anaiyang'ana kanthawi, kenaka anamwa otsalawo, maso ali kwa a Sisitala kuti aone.

Ndinamaliza mutuwo. Unatuluka bwino, ndinene ndekha. A Theka anadziona kutsogolo ndi kunkhongo, chipewa n'kuchiika m'thumba.

Alamu akulongedza mashini anati, osandiyang'ana, "Lolemba pumulani. Lachiwiri musachedwe. Kabokosiko muziika pansi pa galasi lalikulu, pambali pa paudala, 7 koloko ikakwana mashini onse azizima."

"Anthu akafunsa kuti ndi a chiyani?"

"Muziyankha nokha. Ine pakamwa panga panathyola kale dzino la munthu."

Mayi a ana anandichotsa tsitsi la a Theka paphewa, kamodzi, kawiri, ngakhale linali litatha kale. Ndasangalala, ndipo ndikuopabe pang'ono. Zonse ziwiri ndalemba, adokotala anati chilichonse.

Mankhwala a madzulo: Loweruka, 7:00, mapiritsi awiri, ndamwa. Mboni: khumi ndi imodzi.